Ulusi Wofiira pa Zenera la Kumbuyo

Ndinali nditatsuka mazenera awiri akutsogolo, ndowa ili pansi, nsanza ili m'manja, pamene Amake Mapasa anasuzumira pampanda ndi nkhope ija ya munthu wodzapempha mchere pamene mchere ali nawo kwawo. Anayamba ndi kuyamikira kuti mazenera anga akuwala ngati a kubanki. Ndinawauza kuti anene zimene abwerera, chifukwa Loweruka limabwera kamodzi pa sabata ndipo zovala zanga zinali zonyika.

Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anati mwana wanga amuona akutsika m'galimoto ya a Jekete kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Ndipo sikanali koyamba.

"Jekete uti?"

"Wamabuku uja wa padepoti. Wovala jekete lakuda ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ine ndangokutsinani khutu, asisi, musanditchule."

Ndinkamudziwa. Munthu wa imvi m'mbali mwa makutu, msinkhu woti akanakhala mkulu wawo wa bambo a mwanayo. Amayala mabuku akale pathebulo pafupi ndi pokwerera basi, ena amagulitsa, ena amabwereketsa ana asukulu. Ineyo ndinkamupatsa moni, mpaka tsiku lina ndinamuthokoza chifukwa chothandiza ana athu.

Mwana wanga ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Timamutcha Kachete kuyambira ali wamng'ono, chifukwa mawu ake tinkachita kukoka ndi chingwe. Bambo ake atachoka pakhomo pano kupita kumene anapitako, mwanayu anatsekeratu pakamwa. Aphunzitsi ankandiitana kusukulu kukandifunsa ngati mwanayu amamva bwinobwino. Ine ndine telala, ndimasoka mayunifolomu m'shopu ya eni ake kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo ndikamafika kunyumba msana umakhala ngati wobwereka. Nthawi yokhala pansi n'kumanyengerera mwana kuti alankhule ndinalibe. Amene anamutsegula pakamwa ndi mabuku amenewa, ndipo zimenezo sindingawalande. Mabuku onenepa, pachikuto pali atsikana onyamula malupanga, nyumba zoyandama m'mitambo, anyamata a maso ngati amphaka. Anayamba kuwerenga akudya, akusita, ali kuchimbudzi mpaka ndikagogode. Mayeso anayamba kukhoza. Tsiku lina mtsikana wina wamkulu thupi atamulanda chikwama kusukulu, Kachete anaima pamaso pake n'kumuuza mawu amene aphunzitsi amawakumbukira mpaka lero. Ndiye ine ndinkangoti, ziwerenga mwanawe, bola uli m'nyumba. Ndinkayesa kuti mwana amene ali pabedi ndi buku ndiye kuti palibe chingamupeze.

Amake Mapasa atachoka ndinanyamula ndowa kupita kuseri, poti ine mutu umagwira manja akakhala pantchito. Zenera la kuchipinda kwa Kachete lili kumbuyo, loyang'ana kumsewu. Pakati pake pali kampanda kafupi ndi timaluwa timene ndinadzala m'mbali mwa khoma. Nditakweza nsanza ndinaona kaulusi kofiira katamangidwa pachitsulo cha pazenera, chakum'kati. Unali ulusi wanga, wa m'bokosi la makina. Mfundo yake inali ija ndinamuphunzitsa ndekha, yomangira batani ukamaliza kusoka. Sindinadziwe tanthauzo lake.

Ndowa ndinaisiya pomwepo.

Kachete anabwera masana, buku lili m'khwapa. Ndinamukokera kuseri n'kumufunsa za galimoto. Poyamba anati a Jekete amangomutenga chifukwa njira ndi imodzi. Nditamuuza kuti njira yodzera kuseri kwa sitolo ya zitsulo siipita kwa munthu aliyense, anasintha. Anati sindingamvetse. Anati a Jekete amalankhula naye ngati munthu, amadziwa zimene akuganiza asananene, ndipo anamuuza kuti iye safanana ndi atsikana ena. Ndinamulozera ulusi uja, anangoyang'ana pansi. Ndinamufunsa ngati akudziwa zaka za munthuyo. Anayankha kuti m'buku limene akuwerengalo mwamunayo ali ndi zaka mazana atatu ndipo palibe chimene chinalakwika.

Ndinamulanda bukulo n'kuliponya m'ndowa. Linamira pang'onopang'ono m'madzi akuda aja, thovu likutuluka m'masamba.

Ndinkayembekeza kulira. Sanalire. Anandiyang'ana ngati munthu amene waona chinthu chimene anauzidwa kale.

"Anandiuza kuti mudzachita zimenezi, Amayi. Anati m'nkhani iliyonse mumakhala munthu wotseka chitseko."

Pamenepo mpamene ndinachita mantha enieni. Munthu uja anali atandiika kale m'nkhani yake, atandipatsa gawo langa, ndipo ine ndinalisewera bwino kwambiri popanda wondiphunzitsa.

Lolemba, nthawi yopuma, ndinapita padepoti. Jekete atandiona anaimirira, anandipatsa mpando wake, anandifunsa za ntchito. Anati za buku lonyowalo ndisadandaule, mabuku amabwera ndi kupita. Anati ndili ndi mwana wapadera, wamtima wa munthu wamkulu, ndipo ana otere kawirikawiri kwawo sawamvetsa. Ndinakana mpandowo. Ndinamuuza kuti amusiye mwana wanga, asamukweze galimoto, asamupatse moni, akamuona awoloke msewu. Ankamvetsera akuwongola mabuku pathebulo kuti akhale pamzere. Manja ake anali osalala, zikhadabo zodulidwa bwino.

"Ine sindipita kumene sindinaitanidwe, mayi," anatero akumwetulira. Nditatembenuka kuti ndizipita anawonjezera. "Koma zenera lanu lakumbuyo lija chotsekera chake chinamasuka. Muitanitse kalipentala. Masiku ano kunja kwaipa."

Kuchokera pamenepo ndinalunjika kupolisi, mabwana kushopu akalipe momwe angakalipire. Amene ndinamupeza anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anandifunsa kuti kodi munthuyo wapalamula chiyani kwenikweni. Kubwereketsa buku si mlandu. Kukweza mwana galimoto si mlandu. Anati mwanayo akabwera yekha n'kunena kuti wachitidwa chakuti, kapena pakapezeka chinthu chooneka ndi maso, ndibwerenso. Ndinamufunsa ngati pa tsikulo ndidzabwere ndi mwana kapena ndi nsapato zake zokha. Anandiuza kuti ndichepetse ukali.

Chotsekera chija ndinachikhoma ndekha ndi misomali madzulo omwewo. Kachete anali chikhalire pabedi, akundiyang'ana. Ulusi unali pomwepo. Sindinaudule. Ndinali nditaona kale kuti ndikadula umodzi, m'bokosi muli wina wokwana kumanga mazenera a mzinda wonse.

Sabata imeneyo m'nyumba munabwerera bata lija la kale, limene ndinkayesa kuti tinathana nalo. Mbale ankatsuka, pansi ankakolopa, koma mawu ayi. Ine kushopu ndinkapalasa makina ndikuganiza. Kumumenya, ndiye kumupereka kwa munthu uja. Kumutsekera, ndiye kumupereka. Kumutumiza kwa amalume ake, basi zake zimanyamukira padepoti pomwepo. Chilichonse chimene ndikanachita munthu uja anali atachinena kale.

Buku lija ndinali nditalivuula n'kuliyanika pamalata. Linauma lili lotupa ngati phazi la wodwala. Ndinalitenga, ndinayala kansalu, n'kusita masamba ake limodzilimodzi mpaka linayamba kutsekeka. Lamlungu masana ndinatulutsa masiketi amene ndinabwera nawo kudzapinda m'munsi, ndinaika bukulo pamiyendo ya Kachete n'kumuuza kuti andiwerengere mokweza. Ndinati ndikufuna kudziwa chimene ndinamiza. Anandiyang'ana ngati mbewa yoona chakudya pamsampha. Ndinati manja anga ali ndi ntchito, maso anga anatha ndi singano, awerenge kapena asiye. Anati limenelo ndi lachitatu, sindingalimve popanda oyambawo. Ndinati ndiye ayambe ndi loyamba. Anali nawo pansi pa bedi.

Nkhani yake inali ya mtsikana wosesa m'nsanja ya nyale, m'mzinda umene chaka chilichonse umamezedwa ndi nkhungu. Nkhunguyo inatenga mng'ono wake. M'kati mwa nkhungu mumakhala zinthu zoipa zimene zimavala nkhope za anthu kuti uzitsegulire. Mumakhalanso mwini wake, Mwini Nkhungu, wa zaka mazana atatu uja, wokongola, wosaseka, amene ali ndi lamulo limodzi: sangayandikire nyumba iliyonse pokhapokha mtsikana wa m'nyumbamo atamanga ulusi wofiira pazenera ndi dzanja lake. Kachete anadutsa pamenepo mothamanga. Ine ndinali ndi mapini pakamwa, ndipo ndinawasiya pomwepo kuti pakamwa pasatseguke.

Tinapitiriza choncho, Lamlungu masana ndi masiku ena ndikaweruka dzuwa lisanalowe. Ndinena zoona, poti ndine munthu wosakonda kukokomeza. Mabukuwo ali ndi mphamvu. Pamene mtsikana uja anabereka mng'ono wake wodwala n'kuwoloka naye dambo la mchere, mapazi akung'ambika, ine ndinasoka thumba chozondoka ndipo sindinazindikire mpaka m'mawa mwake. Mtsikanayo amakana mafumu pamaso pawo. Akagwa amadzuka, akanamizidwa amaphunzira. Amene analemba amadziwa mtima wa mwana amene palibe amamufunsa maganizo ake, ndipo ndinaona chimene Kachete anapezamo zaka zimene ine ndinkafika pakhomo n'kungogwera pampando.

Koma paja mkuyu ukautsegula m'kati muli nyerere. Mwini Nkhungu akangotulukira, nzeru zonse za mtsikanayo zimatulukira m'makutu. Amamutsatira kumsika, amaima kuseri kwa mitengo n'kumamuyang'ana akugona, anathyola mkono wa mnyamata amene anangoseka naye pachitsime, amamuuza kuti anzake onse samumvetsa. Bukulo zonsezi limazitcha chikondi. Akamukalipira, tsamba lotsatira amabwera ndi mphatso, ndipo nkhani yatha. Komanso m'mabuku onsewo palibe amene amatsuka mbale, ndipo amayi amafa patsamba loyamba kuti asasokoneze.

Poyamba ndikalankhulapo Kachete ankakwiya, amvekere Amayi mukuwononga nkhani. Ndinaphunzira kulankhula pang'ono. Tsiku lina ndinangofunsa kuti munthu wa zaka mazana atatu ameneyu, akazi a msinkhu wake anatha, kapena onse anamudziwa kale? Anaseka mpaka buku linagwa. Kenaka kusekako kunaduka pakati, anatola buku n'kupitiriza ndi mawu otsika. Tsiku linanso anafika pamene Mwini Nkhungu akugwira mtsikana uja chibwano n'kumuuza kuti iye safanana ndi atsikana ena. Mawu omwe aja, osasintha ndi limodzi lomwe. Anaima pamenepo. Anabwereza chiganizocho chamumtima, ndinaona milomo ikuyenda, kenaka analumpha n'kuyamba ndime ina. Ine ndinaweramira pasiketi ngati sindinamve. Mawu amene amakoma ukamawerenga wekha pabedi amamveka mwina ukawatchula masana, amayi ako ali pambali ndi mapini pakamwa.

Sindinamuletse kudutsa padepoti, poti njira yakusukulu ndi yomweyo ndipo kuletsa ndinali nditaona zipatso zake. Ndinangopempha Amake Mapasa, amene amagulitsa pafupi ndi pamenepo, kuti diso lawo lisachoke pa iye. Ntchito yoteroyo iwo sachita kuwapempha kawiri. Anati galimoto sakukweranso, koma pathebulo amaima.

Buku lachinayi linathera poipa. Mng'ono uja wagwidwanso, mtsikana waima pakhomo la nkhungu, basi, tsamba loyera. Ndinafunsa lomaliza. Kachete anazengereza, kenaka ananena yekha. Lomaliza a Jekete saliika pathebulo, akuti ndi losowa, ana angaliwononge. Amalisunga kunyumba kwawo. Amene akufuna kuliwerenga amakawerengera komweko. Anali atamuuza kuti apite Loweruka masana, ndipo asauze munthu.

Singano inandibaya chala. Ndinayamwa magazi n'kunena kuti zili bwino, tipita tonse, inenso ndikufuna kudziwa ngati mng'ono uja apulumuke. Silinali bodza lonse. Kachete anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka nkhope yake inawala ngati ya mwana wamng'ono. Anati akawauza a Jekete mawa, adzasangalala kumva kuti nanenso ndayamba kuwakonda mabukuwo. Ankakhulupiriradi zimenezo, ndipo chimenecho ndi chimene chinandipweteka koposa.

Mawa lake anabwera kuchokera kusukulu atakokera mkono wa juzi mpaka kuzala, kunja kukutentha. Anati buku lija akuti linasowa. Ndinadikira. Anati a Jekete akhumudwa, akuti iye wawononga chinthu chimene chinali cha awiri pochiwerengera munthu wakunja. Ndinamufunsa kuti wakunjayo ndi ndani. Anakokeranso mkono wa juzi uja. Ndinamugwira dzanja n'kukweza juzi. Pamkono panali patadindika zala zinayi, zofiirira, zooneka bwinobwino.

Ndinati tiye kupolisi pompano. Anakana, anati ndikamukakamiza akanena kuti anagwa. Anati angokwiya chabe, m'bukunso amakwiya kenaka amapepesa. Koma patapita kanthawi ndinamva sizasi ikulira kuchipinda kwake, ndipo potaya zinyalala ndinaona kaulusi kofiira pamwamba. Sindinasangalale kwenikweni. M'buku lachiwiri mtsikana uja amadulanso ulusi pofuna kumulanga mwamunayo, ndipo pambuyo pake amamanganso. Tsopano nkhanizo ndinkazidziwa.

Masiku otsatira thebulo la mabuku silinaoneke padepoti. Amake Mapasa anati pamalopo payala wogulitsa masokosi, ndipo ena akuti a Jekete asamuka. Kachete ankadya pang'ono, ankayang'ana kumsewu pafupipafupi. Ine ndinayamba kupuma. Loweruka m'mawa ndinakumbuka kuti mazenera akumbuyo sindinawatsuke chiyambire tsiku lija. Ndinatunga madzi, ndinathira sopo, ndinazungulira kuseri.

Choyamba kuona anali maluwa anga. Anali atapondedwa pansi pa zenera la Kachete, pamalo amodzi, ngati munthu anaimapo nthawi yaitali. Ndinakweza maso. Pachitsulo cha pazenera panali ulusi wofiira. Unali chakunja, pamwamba, pamene ine ndiyenera kunyanyamphira kuti ndifikepo. Sunali wanga. Unali wonenepa, wonyezimira, wa mtundu umene amasokera nsapato, ndipo mfundo yake inali ya munthu wozolowera kumanga katundu.

Dzanja langa linapita lokha m'thumba la epuloni mmene mumakhala sizasi. Ndikanaudula, ndikanauponya m'ngalande, mwana osadziwa kanthu, n'kumagona ine ndekha ndi mantha anga. Ndinaigwira sizasiyo, kenaka ndinaisiya. Ndinaitana Kachete.

Anabwera ndi tsache m'manja. Ndinangoloza. Anayang'ana ulusi, anayang'ana maluwa, anayang'ananso ulusi.

"Si ine, Amayi."

"Ndikudziwa. Mfundoyo si yako."

Anayang'anitsitsa mfundo ija. Milomo inali itayera. Polankhula mawu anatuluka aang'ono koma osanjenjemera.

"Mwini Nkhungu sangamange yekha. Lamulo lake ndi limenelo, mabuku onse anayi. Mtsikana ndi amene amamanga. Chimene chimadzimangira chokha ulusi si iyeyo. Ndi zija zovala nkhope."

Ndinafuna kumuuza kuti kwa ine onsewo ndi amodzi, wa nkhope yake ndi wa nkhope yobwereka. Ndinameza mawuwo. Buku lomwe linamutsegulira munthu uja zenera ndi limene linali kumuuza tsopano kuti atseke, ndipo ine sindinafune kulowererapo.

Anandipempha sizasi. Ndinakana, ndinati ulusiwo ukhale pomwepo, ndi maluwawo asawakhudze, apolisi ankafuna chooneka ndi maso. Anagwedeza mutu. Anati akanena zonse, za galimoto, za mkono, za Loweruka lija, ndi zina zimene ine sindinazimve. Sindinamufunse kuti ndi ziti. Ndinaimbira mchimwene wanga, amalume ake, amene amayendetsa lole, kuti atiperekeze. Anati ali panjira, akatsitsa katundu afika dzuwa likamapendeka, tisatuluke tokha. Kachete analowa m'nyumba, ndipo ndinamva akukoka matiresi ake kupita nawo kuchipinda kwanga popanda womuuza.

Kudikira ndili chikhalire ine sindimatha. Madzi anali atayamba kuzizira, thovu likuphwa. Ndinaviika nsanza, ndinafinya, ndinayamba kupukuta galasi lapamwamba, ndikulambalala ulusi uja kuti usanyowe. Fumbi litachoka galasilo linayamba kuonetsa zakumbuyo kwanga: kampanda, msewu, mtengo wa tsidya lina. Pansi pa mtengowo panali pataima galimoto, yozimitsidwa, mawindo onse otseka. Inali ngati ya Jekete, koma magalimoto amtundu umenewo ndi ambiri mumzinda muno. Sindinatembenuke.

Ndinagogoda pagalasi n'kumuuza Kachete kuti akhome chitseko chakutsogolo, abwere akhale pamene ndingamumve, awerenge mokweza chilichonse chimene angapeze. Anafunsa kuti buku liti. Ndinati lililonse, ngakhale la masamu.

Ndinamva loko akulira, kenaka mawu ake, pang'onopang'ono, kuseri kwa khoma. Ndinaviikanso nsanza. Galasi lam'munsi linali likadali ndi fumbi lake lonse.